Kabedi ka Tadala

Nathenje, 15 Januwale 1995

Achemwali anga Enifa,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino ku Joni, pamodzi ndi mwana wa adona anu amene mukulera. Kuno tilipo. Mvula ikugwa mwa njomba, koma chimanga chamera. Ine ndikadali pa esiteti ya fodya ku Mitundu, kukonza zigafa ndi zitseko. Loweruka ndimapalasa njinga kubwera kuno kuchikamwini, Lolemba n'kubwerera.

Nkhani ndi iyi. Mlamu wanu Martina ndi woyembekezera, ndipo azamba akuti ndi m'mwezi wa Malichi. Za awiri oyamba aja mukuzidziwa. Maulendo onse awiri tinachita monga amafunira akuluakulu: osagula kanthu, osasoka kanthu, kudikira kuti mwana abadwe ndipo mchombo ugwe kaye. Onse awiri azimayi anakawataya kudambo, ine osawaona nkhope.

Ulendo uno Martina wakana. Akuti, "Awiri aja anafika n'kupeza palibe ngakhale kansanza kowafunditsa. Akanakhaliranji? Uyu adzapeze kuti tinkamudikira." Chithunzi chija munatumiza, mutanyamula mwana wa adona m'chipinda chakechake, amachisunga m'buku la nyimbo. Wandikakamiza mpaka ndadula pabalaza ndi khoma la zidina, mbali ya kum'mawa. Ndapaka laimu, ndaboola zenera. Ndakhomanso kabedi ka matabwa a paini, kokhala ndi timitengo m'mbali monga ka pachithunzipo. Poyeza kutalika kwake sindinatenge tepi. Martina anatambasula mkono pa thabwa, ine n'kulemba kuyambira paphewa mpaka kunsonga ya chala, n'kuwonjezapo chikhatho chimodzi. Kamatiresi akusoka yekha ndi chitenje chake cha ukwati chija, thonje anapempha kwa mnzake wa ku Salima.

Apongozi sakukondwa. Ndi ine sangayankhule maso ndi maso, ndiye dzana anaima kuseri kwa nyumba n'kumauza nkhuku. Akuti, "Nkhuku inu, kauzeni mwini nyumbayi kuti bokosi la matabwa logonekamo munthu, kwathu kuno timadziwa limodzi lokha." Martina anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Ine sindinaseke kwenikweni, koma misomali ndinamaliza kukhoma.

Ngati mungathe, tithandizeni neti ya udzudzu ndi kansalu kotchinga pazenera. Ulusi umene uli mu envulopu muno ndi muyeso wa zeneralo: pamene pali mfundo ndi m'lifupi, wonsewo ndi m'litali.

Ndine mlongo wanu,
Isake Mbewe

*

Joni, 26 Febuluwale 1995

Isake mlongo wanga,

Moni iwe ndi mlamu wanga. Kalata yako yayenda mwezi wathunthu, kaya inadzera ku Tete wapansi. Ine ndili bwino, kungoti miyendo imatupa chifukwa cha masitepe a nyumba ino.

Ndinavina ndekha m'khitchini mpaka adona kufunsa ngati ndapenga. Umuuze Martina kuti ndiye mkazi ameneyo. Apongozi akowo asiye azilalikira nkhuku, mwina zitembenuka mtima. Kuno mzungu amayamba kukonza chipinda mimba isanaoneke n'komwe, ndipo ana awo ndi awa akutisowetsa tulo ndi kunenepa. Si paja kwanuko munavota kuti aliyense azinena zakukhosi? Naye mwana ali ndi ufulu wopeza pogona.

Tsono tamvera, poti iwe umadziwa matabwa okha. Kabediko usakaike pansi pa zenera penipeni, mwana angazizidwe. Timitengo ta m'mbalito tiyandikane moti mutu wake usalowe. Ukhome kashelefu koikapo matewera ndi sopo, m'mwamba kumene mbewa sizifika. Miyendo ya kabedi uiike m'tizitini tamadzi chifukwa cha linthumbu. Ndipo laimu aume bwinobwino mwana asanalowe.

Katundu ndapatsira bambo wina wa ku Dedza amene akubwera pa basi, adzatsika pa Nathenje pomwepo. Muli neti, katani ya tiabakha yosokedwa pa muyeso wa ulusi wako, matewera, kabulangete, ndi kanthu kena kopachika pamwamba pa bedi. Ukakapotokola kamazungulira kakuimba nyimbo. Mwana wa adona wakakana, akuti wakula. Pa katunduyo ndalemba dzina la Martina, iwe usatsegule ndi manja ako a utuchiwo.

Akakhala wamkazi, dzina ndi langa, usaiwale. Undiyankhe msanga.

Ine mlongo wako,
Enifa

*

Nathenje, 22 Malichi 1995

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Mukhale pansi powerenga kalata ino.

Martina anatisiya pa 9 Malichi. Tinamuika tsiku lotsatira, kumanda a kwawo konkuno.

Matenda anayamba ine ndili ku Mitundu. Uthenga unandipeza ndili padenga la chigafa, ndipo ndinanyamuka nthawi yomweyo. Anachira bwino kwa azamba, mwana wamkazi, koma magazi sanaleke. Ng'ombe za ngolo zinali kudambo, ndipo mmene amazipeza n'kuzimanga, dzuwa linali litapendeka. Ine ndinakumana ndi ngoloyo panjira. Ngolo yopita kuchipatala imathamanga. Iyi inkayenda pang'onopang'ono, italoza kumudzi. Ndinatsika panjinga n'kumaitsatira pambuyo.

Mwanayo ali moyo. Ndamutcha Tadala, dzina limene Martina ankalitchula akamasoka. Mundikhululukire kuti sindinakudikireni. Akumuyamwitsa akazi a alamu anga a Gilibati, amene alinso ndi khanda lawo, koma mwanayo amagona kwa apongozi. Ndamunyamulapo kamodzi. Ali ndi zala zazitali.

M'kachipinda kaja sanalowemo. Tsiku la maliro wina anamanga chitseko chake ndi waya. Sindinafunse kuti ndani, ndipo sindinamasule. Palibe amene wandinena kanthu. Akazi akamadutsa pakhomo amayang'ana zenera lija, kenako n'kuyang'ana ine.

Kalata yanu anabwera nayo aphunzitsi tsiku limene tinameta. Ndawerenga zonse. Timitengo ndinatiyandikanitsa kale. Kashelefu ndinali ndisanakhome.

Ngati bambo wa ku Dedza uja sananyamuke, muwauze katunduyo abakhala naye. Ndikubwerera kuntchito Lolemba, poti fodya sadikira maliro. Muzilemba kudzera ku ofesi ya esiteti.

Isake

*

Nathenje, 7 Meyi 1995

Alamu a Mbewe,

Moni wa m'mudzi muno. Ife tilipo, mwana aliponso, kungoti mkaka wa mayi akunyumba sukukwanira ana awiri. Mukabwera mutenge wa m'chitini.

Ndalemba ngati mwini mbumba, osati mwa ine ndekha. Lachiwiri kunafika munthu ndi katundu wochoka ku Joni, wolembedwa dzina la malemu mlongo wanga. Amayi anatsegula okha, poganiza kuti ndi chipepeso. Anapezamo matewera ndi nsalu ya abakha. Munalinso chinthu china chimene ana anachipotokola, ndipo chinayamba kuimba pabwalo pomwe tinagoneka maliro. Amayi sanadye masiku awiri.

Alamu, ife tinakulandirani bwino m'mudzi muno. Simumwa, simunamenyepo mlongo wanga, zimenezo sitikana. Koma munauzidwa. Mbereko sagula mwana asanabadwe, ngakhale wa sukulu ya mkaka amadziwa. Inu munakhoma bokosi m'nyumba ya munthu wapakati, misomali kumveka mudzi wonse. Imfa inamva, inabwera, ndipo posapeza mwana m'bokosimo inatenga mayi. Tsopano taona kuti nzeruzo munkagawana ndi achemwali anu.

Akuluakulu agwirizana kuti tikatha kukolola mubwere ndi ankhoswe anu tidzakusudzuleni. Mwana ndi wa mbumba ino, zimenezo mukudziwa. Bokosi lanulo mudzalitenge tsiku lomwelo. Mukalisiya tidzaliotcha.

Ndine mlamu wanu,
Gilibati Nkhoma

*

Mitundu, 13 Ogasiti 1995

Achemwali anga,

Moni. Ndakhala chete nthawi yaitali, musadandaule, sindikudwala.

Katundu wanu anafika ku Nathenje mu Meyi, ndipo sanamulandire bwino. Si mlandu wanu. Inu munatumiza kwa munthu wamoyo.

Sabata yatha anandisudzula. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu paja, ine ndi amalume a ku Mitundu mbali ino, iwo mbali iyo. Apongozi anakhala kumbuyo kwa azimayi, Tadala ali kumsana kwawo. A Gilibati anafunsa kuti, "Tisanakumasuleni, alamu, tiuzeni pamaso pa anthu. Nzeru ya chipinda ija inali ya yani?"

Amalume anandigwira bondo, poti ndinali nditawauza zonse panjira. Ine ndinayang'ana apongozi. Achepa thupi kwambiri. Ndinaganiza kuti ndikanena zoona, mayi ameneyu azidzagona ndi mawu oti mwana wake anadziitanira yekha imfa, ndipo Tadala azidzakula akumva zomwezo kuchitsime. Ndinati, "Inali yanga."

"Nokha?"

"Ndekha. Achemwali anga ndinachita kuwapempha."

Anaika kandalama m'mbale, akuti ndine womasuka, ndikhoza kukakwatira kumene ndifuna. Amalume anapempha kuti mwana akadzasiya kuyamwa adzaganizirepo. A Gilibati anati, "Nkhuku ikafa, anapiye satsata tambala." Anthu ena anaseka. Koma anavomera kuti ndizibwera kudzamuona mwezi ndi mwezi, ndi mkaka.

Ndinamasula waya uja. Munali fungo la laimu lokhalokha. Kamatiresi kaja sindinakapeze, kaya anakaotcha. Kabedi ndinakamanga pakaliyala, katundu wanu pamwamba pake, n'kukankha njinga mpaka ku Mitundu chifukwa kupalasa sikunatheke. Pa msika wina ana ankanditsatira akufunsa ngati ndikugulitsa khola la akalulu.

M'nyumba muja mwalowa a Gilibati. M'kachipindamo akuti azisungamo fodya, poti ndi mouma bwino.

Chinthu chimodzi ndikupemphani. Musawalembere kalata anthu a ku Nathenje. Khomo limene andisiyira ndi laling'ono, koma ndi lotsekula.

Mlongo wanu,
Isake

*

Joni, 17 Sepitembala 1995

Isake,

Moni. Maso anga atupa, ndiye ulemu wa kalata undikhululukire.

Yako ya Ogasiti yafika dzulo, ndipo yachedwa. Bambo wa ku Dedza uja atabwerera kuno anandifotokozera mmene anamuthamangitsira pabwalo ngati wabweretsa ufiti. Ndinadikira kuti unene kanthu, iwe zii. Ndinayesa kuti wafooka, mwina wamutaya mwanayo mumtima. Ndiye mwezi watha ndinawalembera a Gilibati ako.

Ndinawauza zonse. Kuti chipinda anachifuna ndi Martina mwini wake. Kuti chimene chinapha mlongo wawo ndi ng'ombe zimene zinali kudambo, osati misomali. Kuti dziko linasintha, kuli makhoti, ndipo akapitiriza ndidzabwera ndekha kudzamutenga mwanayo kuti adzakulire kuno kumene ana amagona pabedi.

Tsopano ndawerenga zimene unayankha pansi pa mango paja. Iwe Isake, unabadwa choncho. Uli mwana ankakumenyera zolakwa za anzako, iwe kumangoyang'ana pansi. Ndani anakuuza kuti kukhala chete ndi mankhwala?

Komabe ndikuopa. Ngati ndaononga, undiuze. Ndaikamo kangachepe ka mkaka.

Enifa

*

Nathenje, 1 Okutobala 1995

A Mbewe,

Moni. Zitini ziwiri zimene munasiya ndabweza ndi mnyamata wa ngolo. Sitigulitsa mwana.

Kalata ya achemwali anu tinaiwerenga pagulu. Inu munavomera pamaso pa anthu, kenako mwatuma mkazi kuti anamizire munthu amene ali m'manda, amene sangadziyankhire. Taonanso kuti mkaka wanuwo ndi nyambo, cholinga n'chakuti mwana akathere ku Joni.

Musabwerenso kuno mpaka tidzakuitaneni. Mukaoneka, anyamata adzakuperekezani. Mwanayo akumwa phala. Kuno timamuitana Masiye.

G. Nkhoma

*

Mitundu, 10 Novembala 1996

Achemwali anga Enifa,

Moni. Makalata anu atatu ndinalandira, ndalama zomwe. Sindinakwiye. Ndinkasowa choti ndilembe.

Munafunsa ngati ndinayesa kukadandaula. Amalume anapitako kawiri, anabwerako ndi moni. Kwa mkulu wina wa kuboma ndinapitanso. Anandimvetsera bwino, n'kundifunsa ngati ndinalowola. Nditati kwathu sitilowola, anatambasula manja.

Pa esiteti andipatsa nyumba ya zipinda ziwiri pa komboni. Chimodzi ndimagonamo. Chinacho ndapaka laimu. Kabedi ndakaika kukhoma la mkati, kutali ndi zenera monga munanenera, miyendo m'tizitini. Kashelefu ndinakhoma. Katani ya tiabakha inakula, poti zenera la kuno ndi kabowo chabe, ndiye ndinaipinda pawiri. Neti ndimaitsitsa Lamulungu, kuikutumula fumbi, n'kuipachikanso. Chinthu choimba chija chili m'katoni. Sindinachipotokolepo.

Anthu a pa komboni amati ndazungulira mutu. Mayi Esnart a khomo loyandikana, amene amuna awo ndi a thirakitala, anasuzumira tsiku lina n'kunena kuti, "A Mbewe, chipinda chabwino chonchi chogona mphemvu? Tibwerekeni tiikemo alendo." Ndinati chili ndi mwini wake. Anati, "Mwini wakeyo amalipira lendi?" Koma mawa lake anabwera ndi tsache, n'kusesamo.

Ntchito yasintha. Kale ndinkakhoma zitseko. Masiku ano bwana amangoti, "Mbewe, matabwa ali kushedi," ine n'kudziwa. Matenda a masiku ano aja alowa pa komboni. Mwezi uno wokha ndakhoma mabokosi a anthu amene ndinkadya nawo, ndi ena a ana awo, aafupi kuposa mkono wanga.

Tadala ndinamuona kamodzi, mu Julayi. Ndinamva tsiku la sikelo ya ana ku Nathenje, ndipo ndinakaima kuseri kwa ogulitsa tomato. Apongozi anabwera naye kumsana. Nkhope sindinaione bwino, anali atamufunditsa. Ndinaona phazi lokha likulendewera. Apongozi anandiona. Sanaitane anyamata. Anaima pang'ono, n'kutembenuka kuti msana wawo uloze kwa ine, ngati akuyang'ana mitengo ya tomato. Kenako anapita.

Munalemba kuti mwana wa adona pa msinkhu umenewu anali atayamba kugunda mapazi kumapeto kwa bedi lake. Ndawerengera, ndaona kuti kabedi kaja kamuchepera posachedwa. Ndagula matabwa anayi a paini oti ndidzakatalikitse. Ndawaimika pakona.

Isake

*

Nathenje, 23 Novembala 1997

Alamu,

Moni. Ndikhulupirira ntchito ikuyenda.

Amayi anatisiya mwezi watha. Sitinakutumizireni uthenga chifukwa zinthu zinachuluka. Mayi akunyumba nawonso ali gone chigonere kuyambira nthawi yokolola. Mchemwali wathu wa ku Kawale anamwalira mu Juni, ana ake anayi ali pakhomo pano. Nkhokwe inatha mu Sepitembala.

Akuluakulu akhala pansi, aona kuti mwana ndi wa anthu awiri. Zakale zija zinali za mkwiyo wa maliro. Bwerani mudzamutenge Masiye. Musachedwe, sakupeza bwino kwenikweni. Ngati muli ndi kachimanga, mutigawireko.

Mlamu wanu,
Gilibati

*

Mitundu, 14 Disembala 1997

Achemwali anga,

Moni. Ndikhulupirira miyendo ija ikupepukako. Tadala ali kuno.

A Gilibati anandiitana, ndipo ndinapita tsiku lomwe kalata inafika, ndi thumba la chimanga pakaliyala. Ndinawapeza atakhala pakhonde la nyumba yathu ija. Akalamba, achemwali, munthu wa msinkhu wanga. Zenera la kachipinda analitseka ndi zidina.

Anaitana kuti, "Masiye, bwera, bambo ako awa." Sanabwere. Anali atakhala pansi pafupi ndi mtondo, ndipo ndinaona kuti kuyenda amayenda mogwira khoma. Tsitsi lake ndi lofiirira, lonyololoka. Mapazi ndi otupa. Ndinagwada n'kunena kuti, "Tadala." Anayang'ana kumbuyo kwake kuti aone amene ndikumuitana.

A Gilibati anati, "Tinayesetsa, alamu."

Ndinati, "Ndaona."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kathumba ka zovala zake. Pansi pake panali kamatiresi kaja, ka chitenje cha ukwati. Kaphwatalala, kada, thonje linaumbika mabulumabulu. Ndinafunsa kuti kanali kuti. Anati, "Amayi anakatenga tsiku la maliro lomwe. Mwanayu wagonapo kuyambira ali wakhanda. Ife tinkati akaotche, iwo ankati msoko uwu akuudziwa, anaphunzitsa okha." Kenako anati, "Kalata ya achemwali anu ija, amayi sanaitsutsepo. Tinkatsutsa ndi ife."

Ndinamubereka Tadala ndi chitenje chimene anandibwereka, amuna a pamsika akundiseka, n'kupalasa. Sanalire njira yonse. Ndikanakonda akanalira.

Kuchipatala anamuyeza, anandipatsa ufa wa phala la soya, n'kundiuza kuti ndizimudyetsa pang'onopang'ono, kawirikawiri, ndi kubwera naye sabata iliyonse. Ndinafunsa ngati achira. Namwino anati, "Bambo, muzingomudyetsa." Masana ndikakhala kushedi amakhala ndi Mayi Esnart.

Tsiku loyamba ndinachapa kamatiresi, n'kukaumika, n'kukabwezera m'malo mwake. Ndinali ndi nkhawa kuti ndachedwa kutalikitsa kabedi, kuti mwana wa zaka pafupifupi zitatu agona atapinda miyendo. Ndinamugoneka.

Wakwanamo, achemwali. Mkono wa Martina, kuyambira paphewa mpaka kunsonga ya chala. Chikhatho chimene ndinawonjezera chija chatsala chonse kumapazi.

Ndinakhala pansi pamenepo nthawi yaitali. Iye anagwira kona ya kamatiresi n'kuiika kukamwa, maso ali pa tiabakha.

Dzulo Mayi Esnart anabwera ndi azimayi ena awiri a pa komboni. Anaima pakhomo la kachipinda, osalowa. Anati, "A Mbewe, tabwera ndi mawu, musatitenge molakwa. Matabwa ali pakonawo achoke. M'nyumba muli mwana wodwala simusungamo matabwa, makamaka inu amene ntchito yanu tonse tikuidziwa. Anthu akuyankhula."

Ndinati ndi otalikitsira bedi.

Anati, "Bedi lake liti, poti mwanayo akusambiramo? Dikirani ayambe wakula. Kodi simunaphunzirepo?"

Ndinawathokoza, ndipo anapita. Ndi anthu abwino, ndiwo akumuphikira phala. Ndaganiza za mawu awo tsiku lonse. Ndaganizanso za awiri aja a kudambo, amene tinawadikira ndi manja opanda kanthu monga mwa lamulo.

Matabwawo ndawachotsadi pakona. Ndawapala lero masana, ndawadula. Mawa ndichotsa thabwa la kumapazi n'kulumikiza. Mtundu wake sufanana ndi akalewo, koma adzada pamodzi. Misomali idzamveka komboni yonse, ndipo ndikudziwa chimene adzanene.

Mu envulopu muno muli ulusi. Ndi msinkhu wa Tadala lero, kuyambira pamutu mpaka kuchidendene. Muusunge. Inunso munditumizire wina, muyeze bedi limene mwana wa adona akugonapo tsopano, la mwana woyamba sukulu. Ndikufuna kudziwa pamene ndidzalekezere.

Ndine mlongo wanu,
Isake